Ku Bazaruto msodzi asasiyidwe kunja

Mu 2022 bungwe loona za chilengedwe la IUCN lidalengeza kuti nyama ya m'madzi yotchedwa dugong yatsala pang'ono kutheratu kum'mawa kwa Africa. Zikuluzikulu zomwe zatsala sizikwana 250, ndipo pafupifupi zonse zili m'madzi ozungulira zilumba za Bazaruto, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique. Komatu malowa adakhala paki yotetezedwa kuyambira 1971.

Chikuipha nyamayi n'chodziwika. Dugong amadya udzu womera pansi pa nyanja, koma amapuma mpweya ngati ife, choncho pakapita mphindi zochepa amayandama. Akakodwa m'matchera a maso akuluakulu, otchera shaki ndi nsomba zina zazikulu, amaphuphaphupha pansi mpaka kumira. Wamkazi amabereka mwana mmodzi basi, ndipo pamadutsa zaka zitatu kapena kuposerapo asanaberekenso. Imfa ya mmodzi yekha imasiya mpata wovuta kutseka.

Mu 2017 boma la Mozambique lidapereka ntchito yoyendetsa pakiyi, yomwe ndi yaikulu masikweya kilomita 1,430, kwa African Parks kwa zaka 25. Bungweli si lachilendo kwa ife kuno ku Malawi. Ndi lomwe lija lidadzutsa Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Ku Bazaruto maboti olondera ndi asilikali a paki aliko, ndipo tikuyamikira.

Koma nyanja sungaimangire mpanda wa waya monga ku Majete. Dugong sadziwa malire, ndipo ambiri amakadya kumpoto cha ku Inhassoro mpaka kufupi ndi mathiriro a mtsinje wa Save, kunja kwa paki. Pazilumbapo palinso anthu zikwi zingapo omwe munda wawo ndi nyanjayo. Kumulanda msodzi ukonde osamuonetsa kwina kopezera ndiwo n'kumuuza kuti azitchera usiku. Malamulo a ku Mozambique amati magawo 20 pa 100 aliwonse a ndalama zomwe boma limapeza m'mapaki azipita kwa anthu ozungulira. Ndalamazo zizioneka kumudzi, msodzi aziti chitsime ichi ndi kalasi iyi zabwera chifukwa alendo amadzaona dugong wamoyo.

Ife kuno tili ndi umboni. Pachilumba cha Mbenje ku Salima, mfumu Makanjira ndi asodzi amatseka usodzi m'nyengo ya mvula chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo lamulolo limagwira chifukwa eni ake ndiwo amalilondera. Yerekezani ndi magombe ena a Nyanja ya Malawi, komwe lamulo lili m'buku koma masikito akukokolola ndi tiana ta chambo tomwe, dzuwa likuswa mtengo.

Tikupempha boma la Mozambique kuti liteteze madzi a kumpoto kwa paki, ndipo asodzi a ku Inhassoro akhale nawo pa bwalo pokambirana malire ndi mitundu ya maukonde yoletsedwa. Nthambi yathu ya za usodzi nayo ipatse makomiti a m'magombe mphamvu zenizeni zolanda maukonde oletsedwa.