Pempho kwa Amalawi Anzathu: Tisamwe Chuku m'Mankhwala Azitsamba

Makolo athu, abale ndi alongo, asing'anga, ndi inu nonse ogulitsa ndi ogula mankhwala azitsamba,

Mlimi wa mtedza ku Mchinji kapena ku Kasungu simungamuuze kanthu katsopano za chuku. Amadziwa kuti mtedza ukanyowa pa thandala, kapena ukathiridwa madzi kuti makoko afewe poswa, umachita nkhungu, umawawa, ndipo wogula wanzeru amaubweza. Amayi posankha mtedza wosinja nsinjiro amataya njere zofota ndi zakuda popanda wowauza. Komabe mumsika womwewo, mikono ingapo kuchoka pa mulu wa mtedza, pamakhala mphasa yodzaza mizu, makungwa ndi timatumba ta jumbo ta ufa wa zitsamba, ndipo palibe amene amafunsa kuti zinaumitsidwa bwanji kapena zakhala miyezi ingati. Ife amene tikulemba pempholi ndife nzika wamba zodera nkhawa umoyo wa anthu. Sitikunyoza mankhwala achikuda, poti ambiri takulira momwemo. Tikunena kuti chuku chimene timachiopa mu mtedza ndi m'chimanga chimameranso pa muzu ndi pa khungwa, ndipo amene amamwa zimenezi ndi munthu wodwala kale, yemwe thupi lake silingapirire poizoni wina.

Nkhungu zina, makamaka ya mtundu wa Aspergillus flavus, zikamera pa chomera chosauma bwino m'malo otentha ndi achinyezi zimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Dziko linamudziwa poizoniyu nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa chodya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kuyambira pamenepo zadziwika bwino kuti amawononga chiwindi, ndipo bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linamuika m'gulu loyamba la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa kwa anthu. Akachuluka amapha msanga. Mu 2004 ku Kenya, makamaka m'maboma a Makueni ndi Kitui, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Maso ankachita chikasu, mimba ndi miyendo nkutupa. Mu 2016 zinachitikanso m'chigawo cha Dodoma ku Tanzania, kwa anansi athu. Akakhala wochepa sapha tsiku lomwelo, amangodya chiwindi pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo kwa munthu yemwe ali ndi kachilombo ka hepatitis B chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kwambiri. Palinso poizoni wina wa nkhungu wotchedwa ochratoxin A, amene amalimbana ndi impso. Nkhunguzi sizisankha kuti ichi nchakudya, ichi ndi mankhwala. Muzu wonenepa wa gondolosi, khungwa la muwawani, chipatso cha mvunguti, ufa wa malambe kapena wa chammwamba, zonsezi nzomera, ndipo zikasungidwa zili ndi chinyontho nkhungu imapeza chakudya.

Taganizirani ulendo wa muzu umodzi m'nyengo ya dzinja. Munthu waukumba kuthengo uli ndi dothi, ndipo m'dothimo ndimo mumakhala nkhunguyi. Wauduladula nkuuyanika pansi pa khonde. Mvula ikagwa amauunjika m'thumba uli wofunda, mawa nkuuyanikanso. Kunja umaoneka wouma, koma mukauwaza pakati mupeza pamtima pali pofewa, mwina ndi timizere tobiriwira kapena takuda, ndi fungo longa la m'nkhokwe yodontha. Ukapita mumtondo zonsezo zimasanduka ufa wofiirira wooneka bwino, umene amaumanga m'jumbo. Jumboyo ikakhala padzuwa la pamsika imachita thukuta mkati, timadontho ta madzi nkumaoneka, ndipo ufawo umayamba kuumbika timibulu. Apa mpamene pali vuto lalikulu. Muzu wathunthu mungathe kuuona ndi kuununkhiza, koma ufa umabisa chilichonse, ndipo poizoni weniweniyo alibe mtundu, fungo ngakhale kakomedwe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo botolo lomata chipepala chokongola lingakhale lotero.

Ena adzatiyankha kuti makolo athu ankamwa zitsamba zomwezi ndipo ankakalamba mpaka kuyendera ndodo. Nzoona, ndipo sitikutsutsa. Koma sing'anga wakale kawirikawiri ankapita kuthengo wodwala atabwera, nakumba muzu wokwanira munthu mmodziyo, womwe unkamwedwa m'masiku ochepa. Zotsala zinkapachikidwa pamwamba pa moto, pouma ndi pa utsi. Lero mankhwala azitsamba ndi malonda. Amakumbidwa matumbamatumba, amakwera basi kuchokera kumudzi kupita ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ena amachokera kunja kwa dziko, ndipo amadutsa m'manja mwa anthu angapo asanafike kwa wodwala. Wogulitsa womalizayo nthawi zambiri sadziwa amene anakumba ngakhale mwezi umene anakumba. Mtengo ndi womwewo wa makolo, koma kasungidwe kasintha. Tisaiwalenso kuti khansa ya chiwindi imatenga zaka kuti ioneke. Munthu akatupa mimba nkumaonda, ndi angati m'mudzi angaganize za nkhungu? Ambiri amaloza chala kwa nkhalamba yosalakwa kuti yamulodza, pamene chomupha chinali m'nkhokwe kapena m'kabotolo pansi pa bedi.

Ena adzati mankhwalawa timawiritsa, ndiye chilichonse choipa chimafa. Kuwiritsa kumapha nkhungu, koma sikuchotsa poizoni amene nkhunguyo inasiya kale. Madzi amawira pa madigiri 100, pamene aflatoxin amafuna kutentha kopitirira madigiri 200 kuti aphwasuke. Anthu aja a ku Kenya sanadye chimanga chachiwisi, anadya chophika. Tivomereze kuti poizoniyu sasungunuka kwambiri m'madzi, choncho pa mankhwala oviika kapena owiritsa nkusefa ndi gawo chabe limene limalowa m'kapu. Koma mankhwala ambiri a masiku ano ndi ufa wothira m'phala, mu tiyi kapena wonyambita, ndipo pamenepo munthu amameza zonse. Palinso chikhulupiriro chakuti chitsamba chowawa ngati nimu sichingachite nkhungu. Aliyense amene anasungapo masamba a nimu osauma m'thumba lotseka akudziwa kuti amachita nkhungu ngati masamba ena onse.

Mawu amene ali ndi mphamvu kuposa onsewa ndi akuti munthu amangomwa kasupuni kamodzi patsiku, pamene nsima amadya mbale yodzaza. Bwanji osalimbana ndi chimanga ndi mtedza basi? Nzoonadi kuti gwero lalikulu la poizoniyu pakati pathu ndi chakudya, ndipo nkhondo imeneyo isalekeke. Koma nchifukwa chake kasupuniko kali ndi kanthu. Sikagwera m'thupi loyera. Kamawonjezera pa zimene chiwindi chasenza kale kuchokera ku nsima, nsinjiro ndi chiponde. Ndipo amamwa ndani? Munthu wa shuga kapena wa BP amene amamwa ufawo tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu. Munthu amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a TB, yemwe chiwindi chake chili kale pa ntchito yaikulu. Mayi woyembekezera, ndi mayi woyamwitsa, amene poizoniyu amadutsa mu mkaka wake kupita kwa khanda. Mwana wonyentchera amene amayi ake akumuthirira chammwamba m'phala kuti anenepe, pamene kafukufuku wa ku Benin ndi Togo wa mu 2002 anapeza kuti ana okhala ndi aflatoxin wambiri m'magazi ndi amenenso anali opinimbira. Mayiko a ku Ulaya anaona kuti kuchepa kwa supuni si chifukwa chonyalanyazira, ndipo malamulo awo a mankhwala salola kuti zitsamba zikhale ndi aflatoxin B1 wopitirira mamaikulogalamu 2 pa kilogalamu. Ameneyo ndi magalamu 2 okha m'matani 1,000. Poizoni amene amayezedwa pa mlingo wotere si woseweretsa.

Kwa inu asing'anga, tikudziwa kuti nkhani ngati iyi imamveka ngati njira ina ya anthu a kuchipatala yofuna kukugwetsani. Si choncho ayi. Nkhungu siopa fakitale kapena munthu wovala gauni yoyera. Mu 2024 ku Japan, kampani yaikulu ya Kobayashi Pharmaceutical inachotsa pamsika mapilitsi ake opangidwa kuchokera ku mpunga wofiira wa beni-koji, ndipo anthu oposa 100 anagonekedwa m'zipatala, ambiri ndi vuto la impso. Akuluakulu a zaumoyo anapeza kuti munalowa poizoni wochokera ku nkhungu yobiriwira. Ngati zinachitika kumeneko, palibe manyazi kuvomereza kuti zingachitike pa khonde lathu. Bungwe la WHO, lomwe limalemekeza ntchito yanu pa 31 Ogasiti chaka chilichonse, ndi lomwenso linatulutsa malangizo a kakololedwe ndi kaumitsidwe ka zitsamba mu 2003, ndi ena a kayezedwe ka zoipitsa mankhwalawa mu 2007. Sing'anga amene mankhwala ake ndi aukhondo ndiye amene odwala adzabwererako. Tikukupemphani kuti muzitsuka mizu, kuiwaza tizidutswa tating'ono kuti iume mpaka pamtima, kuyanika pa thandala osati pa dothi, ndi kuisunga pokhapokha ikamathyoka kuti thyo. Sinjani ufa wochepa woti uthe msanga, uikeni m'botolo louma lotseka bwino, ndipo mulembepo tsiku. Chimene chachita nkhungu chitenthedwe. Kupala pamwamba ndi mpeni kapena kuyanikanso padzuwa sikuchotsa poizoni amene walowa kale mkati.

Tikumva kale wina akuti kuyeza ku labotale nkodula, wogulitsa wa pamphasa sangakwanitse. Iye payekha sangakwanitsedi, koma dziko lino si lachilendo pa ntchitoyi. Chifukwa cha malonda a mtedza tili ndi akatswiri ndi zipangizo zoyezera aflatoxin ku Chitedze ndi ku Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe lakhalapo kuyambira 1972. Tikupempha bungweli, pamodzi ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi Unduna wa Zaumoyo, kuti azitenga zitsanzo za mankhwala azitsamba m'misika ndi m'masitolo, aziyeze, ndipo zotsatira azilengeze pa wailesi m'zilankhulo zathu. Makampani amene amapakira zitsamba m'mabotolo nkumazitsatsa pa wailesi ndi pa Facebook ali ndi ndalama zolipirira malonda, choncho ali nazonso zoyezetsera katundu wawo, ndipo ayenera kuonetsa umboni wake pa botolo. Mabungwe a asing'anga angathe kusonkherana nkumayezetsa pamodzi, monga amachitira alimi m'makalabu awo.

Kwa inu ogula, muli ndi ufulu wofunsa, ndipo kufunsa si chipongwe. Funsani kuti mankhwalawa anakumbidwa liti ndipo anasinjidwa liti. Ngati kuli kotheka gulani muzu kapena khungwa lathunthu, muliwaze pakati, mulinunkhize, mukasinje nokha kunyumba. Ufa woumbika, wonunkha chinyezi kapena wa m'jumbo yochita thukuta musautenge ngakhale atakutsitsirani mtengo. Mukapita kuchipatala auzeni adokotala zitsamba zimene mukumwa, ndipo maso akayamba chikasu kapena mimba ikayamba kutupa musachedwe. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, ndi inu a makomiti a misika, tikukupemphani kuti uthengawu muunene pa misonkhano yanu mvula isanayambe. Ndipo lero lomwe, aliyense akafika kunyumba atsegule mabotolo ndi timatumba ta zitsamba zimene wasunga, ayang'ane, anunkhize, ndipo chokayikitsa asampatse wodwala kapena mwana.