Za Kangankunde: akudya ndani?

Mnzanga wogulitsa masola pa Liwonde adandiimika pa depoti tsiku lina. "Achimwene, akuti miyala ya ku Kangankunde njopangira masola. Ndiye mitengo itsika eti?" Ndidaseka, koma funsolo landikhala kukhosi.

Tiyambe takonza mphekeserayi. Mwala wa monazite wa m'phiri la Kangankunde ku Balaka uli ndi neodymium ndi praseodymium, zopangira maginito a galimoto zoyendera magetsi ndi a makina opukusa magetsi ndi mphepo. Sola imapangidwa ndi silikoni ndi siliva pang'ono, ndipo ambiri amachokera ku China. Mitengo siitsika, achimwene.

Nkhani yeniyeni ili pa masheya. Mu 2022 kampani ya ku Australia ya Lindian Resources idagwirizana zogula mgodiwu pa madola 30 miliyoni a ku America. Mu 2023 idalengeza kuti pansipo pali miyala yokwana matani 261 miliyoni. Mu Ogasiti 2025 idasainirana ndi kampani ya Iluka: ngongole ya madola 20 miliyoni, komanso kuti kwa zaka 15 izitumiza monazite ku fakitale yoyenga ya ku Eneabba, ku Australia komweko. Nkhani zotere zikangomveka, ngakhale mphekesera chabe yoti akuti agwirizana ndi akuti, anthu a ku Perth ndi Sydney amathamangira masheya. Ena adalemera kalekale thumba limodzi lisanadutse pa Balaka. Ku Machinga nako, kampani ya DY6 Metals idagulitsa masheya ku Australia mu 2023 kuti ipeze ndalama zofufuzira miyala m'mapiri athu.

Sindikunena kuti ndi kuba ayi. Ine ku yunivesite sindidamalize, koma ndikudziwa kuti mgodi sutseguka popanda wina woika ndalama zake pachiswe. Chondiwawa n'choti pa juga imeneyi Mmalawi alibe mpando. Wamalonda wa mu Limbe amene akusowa dola yoodera katundu angagule bwanji sheya ku Sydney? Nanga mwana wathu amene akuphunzira chemistry ku Zomba akagwira kuti ntchito, poti kuyenga kwenikweni, kumene kuli ndalama, kukachitikira kutsidya kwa nyanja?

Aphungu a ku Balaka ndi Machinga aumirire kuti gawo la masheya a makampani otere lizigulitsidwa m'makwacha pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, ndiponso kuti mapangano onse a boma ndi makampaniwa aziikidwa poyera, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe.

Kwa inu amene mwayamba kusaka mapuloti pa Balaka poti mwamva kuti kukubwera ndalama, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009, mtengo wa uranium utagwa udaima mu 2014, ndipo udakhala chitsekere zaka zoposa khumi. Mnzanga wa pa Liwonde uja ndamuuza kuti mpamba wake asaukhudze, azingooda masola ake.