Kompyuta Ikaleka Kugwira Intaneti Pambuyo pa Ngozi

Mwezi uno tikambirana za kompyuta ya patebulo imene yaleka kugwira intaneti yopanda waya, ija timaitcha Wi-Fi, itagwa pansi, madzi ataloŵamo, kapena mphenzi itaomba. Kuno ku Phalombe ngozi zotere si zachilendo. Akuluakulu akukumbukira napolo amene anatsika m'phiri la Michesi mu Marichi 1991, ndipo namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 anatisiyira zipsera tonsefe. Koma masiku ano ngakhale ngozi yaing'ono ingathe kutsekera mwana njira, pakuti ofuna malo m'mayunivesite a boma amafunsira pa intaneti kudzera ku bungwe la NCHE, ndipo tsiku lotsekera silidikira munthu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati madzi analoŵa m'kompyuta, tisaiyatse konse. Tiizule kumagetsi ndi kuiika pamalo ouma, popita mphepo, kwa masiku angapo. Madzi okha saononga msanga. Choononga ndicho magetsi odutsa m'zipangizo zimene zisanaume. Ngati munaloŵa matope, ntchito yotsuka ndi ya mmisiri.

Kompyuta ikayaka bwino koma intaneti osaoneka, tiyambe tapeza kumene kuli vuto. Titenge foni ndi kuilumikiza ku rauta kapena MiFi yomweyo. Foni ikakanikanso, mlandu suli pa kompyuta: tione ngati timagetsi ta rauta tikuyaka, ngati simu khadi ya TNM kapena Airtel yakhala bwino, ndiponso ngati bandulo sinathe. Koma foni ikagwira intaneti, tadziŵa kuti vuto lili m'kompyuta.

Tsono tiyang'ane kumbuyo kwake. Makompyuta ambiri a patebulo amagwira Wi-Fi kudzera m'kachipangizo kolumikiza pa USB, kapena m'kakhadi ka m'kati kamene kali ndi tinyanga totulukira kunja. Tinyangati tikathyoka kapena kukhwefuka, kompyuta imagwira pokhapokha rauta ili pafupi kwambiri. Tiyese kuisendeza rautayo pafupi. Intaneti ikabwera, chofunika ndi kanyanga kena basi. Ngati ndi kachipangizo ka USB, tikasamutsire pa bowo lina, chifukwa nthaŵi zina bowo limodzi limafa ena ali moyo.

Zikakanika, titsegule Device Manager mu Windows ndi kuyang'ana pa Network adapters. Dzina la chipangizo cha Wi-Fi likaoneka lili ndi kachizindikiro kachikasu, kaŵirikaŵiri vuto ndi pulogalamu yochiyendetsa, imene amisiri amati driver. Kuti tiipeze, tilumikize foni ku kompyuta ndi chingwe chake, titchere USB tethering pa foniyo, ndipo kompyuta idzabwereka intaneti ya foni. Koma dzinalo likasoŵa kotheratu, mwina kakhadi kasuntha m'malo mwake kapena kapsa. Tizime kompyuta, tiizule kumagetsi, titsegule chivundikiro cha m'mbali ndi kukankhira kakhadiko m'malo mwake mofatsa. Tisatsegule kabokosi kamene kamalandira chingwe cha magetsi, pakuti kamasunga mphamvu yoopsa ngakhale kompyuta itazulidwa kukhoma.

Kakhadi kakapsa, si maliro a kompyuta yonse ayi. Kachipangizo katsopano ka Wi-Fi ka pa USB mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kompyuta ina, ndipo ngati rauta ili ndi bowo la chingwe cha Ethernet, chingwe chokhacho chikwanira. Choncho makolo, wina akakuuzani kuti gulani ina, mfunseni akuonetseni chimene chafa. Safunsa anadya phula.

Potsiriza, tisamale zam'tsogolo. Kompyuta ikhale patebulo lolimba, osati pansi. Mabingu akayamba, tizule zingwe zonse kukhoma, pakuti kuzima kokha sikutchinga mphenzi. Magetsi akathima tizulenso, ndipo tidikire akhazikike atabwera. Chipangizo choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu chithandizanso. Makalata ofunika tiŵasunge paŵiri, m'kompyuta ndi pa fulashi. Ndipo inu achinyamata amene mumazidziŵa izi, muphunzitseni mnzanu ndi kholo lanu lomwe, kuti tsiku limene mudzakhala kutali pakhomo pasadzasoŵe wothandiza.