MLIMI WA KU LOBI SAKUFUNA CHIDOLE CHA MABWANA

Pali anthu ena m'dziko muno, makamaka m'matauni, amene akangomva mawu akuti galimoto ya magetsi amaseka chikhakhali. Iwo amati izi n'zoseweretsa za Azungu, ndipo Mmalawi asataye nazo nthawi. Chimwemwe chawo chinakula mu December 2025 pamene kampani ya Ford ya ku America inalengeza kuti yaleka kupanga pikapu yake ya magetsi yotchedwa F-150 Lightning, ndi kuti ikhala italuza ndalama zokwana madola 19.5 biliyoni pokonzanso ntchito zake za magalimoto otere. Ati umenewo ndiwo umboni woti nkhani yatha. Tikufuna kuwauza anthu amenewa mosapsatira mawu kuti akulakwa, ndipo kulakwa kwawo kungapweteke mlimi wa kumudzi amene sanawalakwire kanthu.

Tiyambe ndi chimene chinachitikadi. Makampani akale opanga magalimoto, ataona kuti Tesla ndi makampani a ku China akuwalanda msika, anathamangira kupanga magalimoto a magetsi. Koma anayambira kolakwika. Mu 2021 kampani ya General Motors inatulutsa GMC Hummer EV, chigalimoto cholemera matani oposa 4, chimene batire lake lokha limalemera ngati galimoto yaing'ono yathunthu, ndipo mtengo wake unapitirira madola 100,000. Ford inatsatira mu 2022 ndi Lightning uja, yemwe anayamba pa madola pafupifupi 40,000 koma mtengo n'kukwera msanga. Zimenezi zinali zimphona zopangira munthu wolemera wofuna kuti anansi amuone. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ogula atachepa, chimene chinagwa ndi kunyada kwa makampaniwo. Nzeru yoyendetsa galimoto ndi magetsi ikadali chilili, pakuti ku Norway, mwa magalimoto 10 atsopano ogulidwa mu 2024, pafupifupi 9 anali a magetsi okhaokha.

Tsono nkhani imene oseka aja sainena ndi iyi. Mu 2025 kampani ya Isuzu inayamba kupanga ku Thailand pikapu ya D-Max ya magetsi yonyamula tani imodzi, yomwe poiyesa inayenda makilomita oposa 260 batire lisanathe. Mu November chaka chomwecho Toyota inaonetsa Hilux ya magetsi. Volvo yakhala ikupanga malole akuluakulu a magetsi kuyambira mu 2022, ndipo Mercedes-Benz inayamba kupanga eActros 600 mu 2024. Kodi alipo Mmalawi amene sadziwa Hilux ndi Isuzu? Awa ndiwo abulu a m'misewu yathu. Amanyamula odwala, maliro, fetereza ndi zokolola. Eni ake a maina amenewa akasintha njira, nafe tidzasintha, tifune tisafune, chifukwa dziko lino silipanga magalimoto. Timagula chimene ena apanga.

Tiyeni tipite ku Lobi, m'mapiri a ku Dedza, kuti tione amene nkhaniyi ikumukhudza. Anthu a kumeneko ndi alimi akhama. Amalima mbatata ya kachewere, kabichi, matimati, anyezi, nyemba ndi zipatso, m'minda ndi m'madimba, dzinja ndi chilimwe chomwe. Koma ndiwo zamasamba sizidikira munthu. Matimati othyoledwa lero ayenera kufika pa msika mawa. Mlimi amadalira pikapu kapena lole yoti itenge katundu wake kukafika pa Linthipe, kulowa mumsewu wa M1, mpaka ku Lilongwe. Dizilo akakwera mtengo, mwini galimoto amakweza mtengo wa thumba, ndipo vendala amatsitsa mtengo wogulira pamunda. Dizilo akasowa, monga mmene wakhala akusowera nthawi ndi nthawi kuyambira mu 2022, galimoto imagona pa mzere ku Lilongwe pamene kabichi akuwola ku Lobi. Woseka wa m'tauni amadandaula kuti wachedwa ku ofesi. Mlimi amataya thukuta la miyezi itatu.

Dziko la Malawi lilibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi chimene chikupopedwa. Dontho lililonse la dizilo limachokera kunja, makamaka kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo timalipira ndi ndalama zakunja zimene timazipeza movutikira pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa mafuta unalumpha pomwepo. Koma madzi a mu Shire amene amazunguza makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi athu. Dzuwa ndi lathunso. M'boma la Dedza lomweli, ku Golomoti, muli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira mphamvu, amene anayamba ntchito mu 2022. Ulendo wochoka ku Lobi kupita ku Lilongwe sukwana makilomita 100. Umenewu ndi mtunda umene pikapu ya magetsi ingathe kuyenda itasenza katundu, n'kukathira moto pamene matumba akutsitsidwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Oseka aja adzati: magetsi ake ati, poti amazimazima? Funso limeneli n'lomveka, ndipo sitilithawa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha mwa 100 ndiwo amaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chochepetsetsa. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Adzatinso mtengo wa magalimotowa ndi wokwera, ndipo n'zoona kuti udakali pamwamba pa a dizilo. Koma kodi munthu amaleka kulima chifukwa khasu lathyoka mpini? Amasema wina. Mtengo wa mabatire watsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2024. Kuchepa kwa magetsi ndi chifukwa chomangira malo ambiri opangira magetsi ndi kufikitsa mawaya pa misika ya kumidzi. Wochiyesa chifukwa chokhalira manja lende ndi waulesi wovala jekete la nzeru.

Choopsa chenicheni chili kwina. Maiko olemera akamasiya dizilo, zotsala zawo adzazitaya kuti? Bungwe la United Nations loona za chilengedwe linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018, maiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja magalimoto ogwirapo ntchito okwana 14 miliyoni, ndipo 40 mwa 100 alionse anabwera ku Africa. Tikagona tulo, tidzalandira zikhakha za dizilo zimene eni ake azikana, kenaka magalimoto a magetsi a mabatire otheratu, amene palibe makaniko wa pa Dedza angawatsegule. Pomwepo n'kuti miyala yopangira mabatire atsopano ikuchoka m'nthaka yathu. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli graphite, ndipo ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe kuli miyala yofunika popanga mamota a magetsi. Kugulitsa mbewu n'kumagula gaga ndi uchitsiru umene Africa wauchita kokwanira. Zimbabwe inaletsa kutumiza kunja lithium wosayenga mu December 2022. Ethiopia inaletsa mu 2024 kuitanitsa magalimoto aang'ono oyendera mafuta. Anzathu ayamba kale kuganiza.

Nafe tinaganizapo kale. Mu 1982 dziko lino linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa, pamene maiko ambiri a mu Africa anali asanalote n'komwe. Mzimu umenewo ndiwo ukufunika lero.

Choncho tikupempha zinthu zinayi. Misonkho ipeputsidwe pa pikapu ndi malole a magetsi onyamula zokolola, koma bwana wofuna chigalimoto chodzionetsera alipire msonkho wonse. Galimoto ya magetsi yogwirapo ntchito isalowe m'dziko muno popanda chikalata chosonyeza mphamvu ya batire lake. Masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA aphunzitse anyamata ndi atsikana athu kukonza mabatire ndi mamota. Ndipo malo othirira moto asathere ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma afike pa Linthipe ndi pa Lobi pomwe, kumene magulu a alimi angathe kugula galimoto imodzi pamodzi.

Kwa makampani opanga magalimoto tikuti: mwayesa kusangalatsa olemera ndipo mwapsa zala. Tsopano pangirani munthu wonyamula mbatata. Kwa oseka aja tikuti: sekani ndithu, koma mukadzaimanso pa mzere wa dizilo, mudzakumbukire kuti safunsa anadya phula.