Mwana akati akufuna za nyenyezi, timuyankhe chiyani?



Lero ndiyambe ndi kuulula tchimo. Zaka zapitazo mnyamata wina wa Folomu 4 anandipeza nditaweruka n'kundifunsa kuti, "Sir, ndikufuna kudzaphunzira za nyenyezi, kosi yake ndi iti?" Ine ndinaseka. Ndinamuuza kuti nyenyezi sizigula ufa, alembe za udokotala kapena uinjiniya ngati anzake. Sanadzafunsenso. Mpaka pano zimandiwawa, chifukwa ndinayankha choncho pobisa umbuli wanga.

Yankho loona ndi ili: khomo lolowera ku Astronomy ndi Fizikisi ndi Masamu. Mwana wotere asavutike kusakasaka mawu oti Astronomy pa fomu ya NCHE. Asankhe digiri ya sayansi ya zaka 4, mwachitsanzo ku Zomba, komwe ife akale timangoti ku Chanco ngakhale kuti kuyambira 2021 ndi University of Malawi payokha. Akakafika kumeneko agwiritsitse Fizikisi, Masamu ndi kompyuta. Zitatuzi ndiye mafuwa, mphika wa nyenyezi umakhala pamwamba pake.

Akamaliza, njira ilipo ndipo si ya kutali ngati m'mene timaganizira. Ku South Africa kuli pulogalamu ya NASSP, yomwe inayambira ku University of Cape Town mu 2003, ndipo imatenga omaliza digiri ochokera m'maiko ena a mu Africa. M'dziko lomwelo, ku chipululu cha Karoo, kuli telesikopu ya MeerKAT ya madishi 64 yomwe anaitsegula mu 2018. Madishiwa amatchera mafunde a wailesi ochokera ku milalang'amba. Pa ntchito yaikulu ya SKA, anansi athu a Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la maiko othandizana nawo. Ife dzina lathu mulibe. Nanga lingalowe bwanji ngati ana ofuna zimenezi timawaseka?

Komabe tisawanamize. Ntchitoyi si yogona chagada pabwalo kumawerenga nyenyezi. Nthawi yambiri munthu amakhala pa kompyuta kulemba mapulogalamu ndi kulimbana ndi manambala. Woopa Masamu asayerekeze. Chinanso, kuno kwathu sudzaona pa nyuzipepala akufuna katswiri wa nyenyezi, ndipo ena a Fizikisi amathera pa bolodi ngati ine ndemwe.

Koma kodi zikalephereka za nyenyezizo, mwana waluza chiyani? Digiri yomweyo imamufikitsa ku zanyengo, ku magetsi a dzuwa, ku ntchito za kompyuta, ngakhale kuchipatala kumene makina owotcha khansa amafuna munthu wodziwa kuyeza mphamvu yake. Fizikisi siponya munthu m'dzenje ayi.

Pempho langa kwa inu anzanga ndi laling'ono. Tisamakankhire mwana aliyense wanzeru ku udokotala ngati kuti dziko lonse ndi wodi. Akafunsa za nyenyezi, tiyambe taona malikisi ake a Masamu, kenako timuuze zoona zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, asankhe yekha.

Ndipo iwe amene ndinakuseka tsiku lija, ngati ukuwerenga, pepa mwana wanga. Funso lako linali labwino. Mbuli ndinali ine.