Palibe mfiti imene imatuma ng'ona

Amayi anzanga a kwa Kasakula ndi midzi yozungulira, lero ndiyankhula mosapsatira mawu, wokwiya akwiye.

Zoti ng'ona imagwira munthu yekhayo amene walodzedwa ndi bodza, ndipo bodza limeneli likupha anthu. Wokhulupirira zimenezi amati, "Ine sindinalakwire munthu," n'kulowa m'madzi mtima uli m'malo. Ng'ona sifunsa kuti unakangana ndi ndani. Imaona ndiwo basi.

Ena mumati kuno kumapiri kulibe ng'ona. Kodi ana athu amangokhala kumapiri? Pa holide amatsetserekera kwa achibale ku Nkhotakota. Abambo amapita ku Chia kukapikula nsomba, anyamata amakawedza mu Bua. Konseko ng'ona ziliko. Mwana wa kunyanja amadziwa doko losamba ndi doko loopsa. Wathu wa kumapiri akangoona madzi odikha amavula malaya n'kudumphiramo, pamene madzi odikha, akuda, a m'mabango ndiwo mudzi wa ng'ona.

Ng'ona yaikulu imapitirira mamita 4, koma imabisala m'madzi olekeza m'chiuno, maso ndi mphuno zokha zili pamwamba. Imazolowera malo amene anthu amachapa ndi kutunga madzi tsiku ndi tsiku, makamaka mbandakucha ndi chisisira. Ikagwira imakokera pansi n'kuyamba kugubuduzika. Anyamata amene mumadzitama kuti mumamira pansi kukakolola ukonde wokodwa, mpweya wanu ndi wa mphindi imodzi kapena ziwiri. Inzanuyo imakhala pansipo osapuma mpaka inu mutatheratu. Ndipo kuyambira nyengo yotentha mpaka mvula ikamayamba, zazikazi zimalondera mazira ake m'mphepete mwa madzi, ukali wake si masewera.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: munthu wapulumuka, koma abale akuyamba kaye kwa sing'anga kukafunsa amene watuma ng'onayo. Pabala akumatapo masamba ndi phulusa. M'kamwa mwa ng'ona muli tizilombo tambirimbiri, ndipo mano ake amabaya mozama ngakhale bala lioneke laling'ono pamwamba. Pakatha masiku awiri atatu mwendo watupa, ukununkha, thupi latentha, madokotala ayamba kukamba zodula. Kumudzi nako agogo ena osalakwa akuwaloza zala kuti ndi afiti. Mwendo wapita, ubale wapitanso.

Munthu akalumidwa, kanikizani pabalapo ndi chitenje chochapa bwino mpaka magazi achepe. Tsukani ndi madzi aukhondo ndi sopo, osathirapo china chilichonse. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, akalandire jakisoni wa kafumbata ndi mankhwala opha tizilombo. Ngati chipatala chaching'ono chakutumizani ku chipatala chachikulu cha Ntchisi kapena cha Nkhotakota, pitani, musabwerere kunyumba kukadikira mawa.

Mukaona ng'ona padoko, uzani amfumu kuti adziwitse a nthambi yoona za nyama zakutchire. Mwana akamapita kunyanja pa holide ikubwerayi, muuzeni pamaso pa amene akukamusungayo kuti m'madzi asalowemo popanda wamkulu wodziwa malowo.