Lendi Yotsika Mtengo Ifike kwa Woyenera

Pamene bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, cholinga chake chinali chakuti munthu wa malipiro ochepa apeze pogona pabwino popanda kudyeredwa masuku pamutu. Nyumba za ku Chitawira, Nkolokosa ndi Kanjedza zinamangidwa ndi cholinga chimenecho, ndipo ku Ndirande, Zingwangwa ndi Bangwe bungweli linkagaŵa mapoloti kuti anthu adzimangire okha, kufikira 1992 pamene maderawa anaperekedwa m'manja mwa khonsolo ya mzinda.

Ife tikuti lendi yotsika mtengo ndi chithandizo chochokera m'thumba la mtundu wonse, monga alili feteleza wotsika mtengo. Nchifukwa chake udindo woyamba wa bungweli ndiwo kudziŵa amene akugona m'nyumba iliyonse. Si chinsinsi kuti ena, atalandira makiyi, amabwereketsanso nyumbayo kwa anzawo pa mtengo wokwera, iwo ali phee m'nyumba zawozawo. Pamenepo chithandizo chasanduka malonda, ndipo amene analembetsa kalekale akumera imvi ali pamzere.

Koma taganizani za mphunzitsi amene watumizidwa ku Lirangwe, kapena kalaliki wa pa bwalo la ndege la Chileka. Nyumba za pasukulu nzochepa. Iye amachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale, popanda pangano lolembedwa, popanda lisiti, ndipo mwini nyumba akhoza kukweza mtengo kapena kumtulutsa mwezi uliwonse. Ndondomeko ya malata ndi simenti otsika mtengo, imene inayamba mu 2014, inathandiza anthu okhala ndi malo awoawo. Munthu wobwera pa transifa alibe ngakhale pokumba maziko. Komatu msonkho amadulidwa mofanana ndi mnzake wa ku Kanjedza, ndipo ana amene akuwaphunzitsa ndi a dziko lomweli.

Tsono tikupempha kuti mndandanda wa odikira nyumba ukhale poyera, wina aliyense aone pamene dzina lake lafika, ndi kuti oyendera nyumba azigogoda pakhomo, osangoŵerenga mafayilo mu ofesi. Nthambi za Boma zimene zili ndi ngongole ya lendi zilipire msanga, pakuti denga lodontha silikonzedwa ndi makalata. Ndipo pokonza mapulani a nyumba zatsopano, akuluakulu a bungweli akhale pansi ndi Bwanamkubwa wa boma la Blantyre pamodzi ndi mafumu, apeze malo m'mbali mwa msewu wa ku Chileka ndi wa M1, kudutsa Lunzu mpaka ku Lirangwe.